Mafupa a M'thumba la Feteleza

Anagogoda Lachitatu m'mawa, mwezi wa Julayi, chisanu chili pachimake. Ndati anagogoda, koma pakhomo panalibe chitseko. Anamenya lata limene ndinkatsekera pakhomopo, katatu, ndi chibonga. Ndakhala ndikukhoma zitseko za anthu pa Migowi zaka zoposa makumi awiri, koma changa chinapita ndi madzi mu Malichi, ndipo manja anga anakana kukhoma china.

Nditasuntha latalo ndinaona apolisi awiri. Kumbuyo kwawo kunali anthu a m'mudzi, ambiri ndithu, ataima chapatali pansi pa mtengo wa mango. Palibe amene anandipatsa moni. Ena mwa iwo ndi amene ndinawakhomera mabokosi a abale awo miyezi inayi m'mbuyomo.

"Kalipentala uja ndinu?" anafunsa wapolisi wamkulupo.

"Ndine, bwana."

"Thumba lija lili kuti?"

Sindinafunse kuti thumba liti. Pambuyo pake anandiuza kuti kusafunsako kunawatsimikizira kuti ndikudziwapo kanthu. Ndinalowa, ndinalitenga kumutu kwa mphasa yanga, ndipo ndinatuluka nditalinyamula ndi manja awiri. Linali thumba la feteleza lochapa bwino. M'kati munali kansalu ka chitenje ndi mafupa asanu.

Wapolisi atalitsegula, mayi wina anakuwa. Kenako mawu a bambo anamveka kumbuyo: "Tipatseni ameneyo, tithane naye konkuno!" Mwala woyamba unamenya lata. Wachiwiri unandipeza paphewa. Kenako ndinaona mnyamata wina atanyamula tayala lakutha la galimoto. Ndimadziwa chimene tayala amachita nalo. Apolisi anandimanga unyolo nandikankhira m'galimoto mofulumira, ndipo tsiku limenelo unyolowo ndinauthokoza.

Ndiyenera kufotokoza za thumbalo.

Ndine mkamwini. Ndinakwatira m'mudzi wina kwa Nazombe, ndipo ndinakhala ndi mkazi wanga zaka makumi awiri ndi zitatu. Mu Malichi wa chaka cha madzi aja mvula inagwa masiku atatu osaleka. M'mawa wa tsiku lachinayi ine ndinali kuchirikiza khoma la nyumba ndi matabwa, ndipo mkazi wangayo anati akupita kukamasula mbuzi m'khola lakumunsi. Ndinamuyankha osamuyang'ana n'komwe. Ndinati, "Fulumira." Posakhalitsa kuphiri kunamveka mkokomo ngati wa malole ambiri, ndipo madzi anatsika ndi matope ndi miyala. Khola, mbuzi, mkazi wanga, palibe chimene chinaonekanso.

Kwathu kuno munthu akasowa chotere, thupi osapezeka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda ngati munthu, kuti maliro athe ndipo olira apume. Mabanja angapo anachita zimenezo. Alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, anabwera katatu kudzandipempha kuti nafenso titero. Ulendo wachitatu ndinawayankha mwamwano.

"Alamu, ine ndinakwatira munthu, sindinakwatire nthochi."

Anadzambatuka n'kumapita. Ndinali ndisanawalankhulepo chotero chikwatirire changa.

Komanso sindinalire. Amati maliro n'kulirana, ndipo m'mudzi monse anthu ankalira, koma anga maso anali ouma ngati a nsomba yapadzuwa. Si kuti ndinkadziletsa, ayi. Misozi sinkabwera basi. M'malo mwake zinabwera zina. Chakudya chilichonse chinkakoma ngati utuchi. Lamba ndinamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Pachifuwa pankalemera ngati andisanjikira thabwa la mlombwa, ndipo ndinkapuma mobanika popanda chifuwa chilichonse. Manja ankanjenjemera. Ndinkayeza thabwa ndi tepi, ndikatenga sowo muyezo ndauiwala. Tulo tinkabwera taphindi chabe. Kawiri konse ndinamva mkazi wanga akutsokomola kuseri kwa nyumba, ndipo ndinathamangirako.

Ndinaleka kupita ku shedi yanga yopalira matabwa. M'mawa uliwonse ndinkatenga khasu n'kutsata mtsinje, kukumba paliponse pamene mchenga unaunjikana. Mu Juni, pa mizu ya mtengo wina umene madzi anaugwetsa, ndinapeza kansalu ka chitenje chonga chimene mkazi wanga anavala tsiku lija. Pansi pake panali nthiti zitatu zothyoka ndi zidutswa ziwiri za fupa lalitali. Ndinazitsuka, ndinaziika m'thumba, ndipo sindinauze munthu. Ndinkadziuza kuti ndiyambe ndapeza zotsalazo, pakuti munthu saikidwa nthiti zitatu. Koma zoona zake ndinkaopa kuti wina angaziyang'ane n'kunena kuti si iye.

Okumba mchenga wogulitsa ndi amene ankandiona. Dera lathu lino nkhani ya anthu ofukula manda n'kugulitsa mafupa si yoseweretsa, ndipo anthu ali ndi chifukwa choiopera. Tsono taganizani: mkamwini wosalira mkazi wake, wokana maliro, woonda ndi maso ofiira, woyenda yekha ndi khasu ndi thumba. Ndikanakhala mmodzi wa iwo, mwina nanenso ndikanaloza chala.

Kupolisi anandilanda lamba ndi nsapato. Buluku linayamba kutsika, ndipo masiku asanu amene ndinakhala kumeneko dzanja limodzi linali pachiuno. Selo ndinaiyeza ndi maso, poti ntchito siichoka m'mutu: mapazi khumi m'litali, asanu ndi atatu m'lifupi. Tinalimo anthu khumi ndi mmodzi ndi ndowa imodzi. Chitseko chinali chachitsulo, koma felemu yake anaikhoma mopendama. Ndinakhala ndikuyang'ana kupendamako kuti ndisaganize za tayala lija.

Lachinayi masana ananditengera m'kachipinda ka tebulo limodzi. Wondifunsayo sanavale yunifolomu. Anali munthu wofatsa polankhula, wa malaya amizeremizere, ndipo thumba langa linali patebulo pakati pathu.

"Madala, ikani manja patebulo."

Ndinaika. Ankanjenjemera mpaka cholembera chake chinagubuduka.

"Mwaona? Munthu wosalakwa sanjenjemera chonchi."

"Anayamba kale, bwana. Anayamba mu Malichi."

"Mkazi wanu anamwalira pa deti yanji?"

Tsiku limene ndinkaliona m'maso nthawi zonse, deti yake inandithawa. Ndinati, "Sanamwalire, bwana, anasowa."

"Anthu akuti simunalire. N'zoona?"

"N'zoona."

"Akuti munakana maliro."

"Ndinakana."

Analemba pang'onopang'ono. Kenako anati, "Chakudya mwakana dzulo, mwakana lero. Anzanu m'selo akuti simugona, mumangoyankhula nokha. Thukuta ili, kuzizira konseku. Ine ntchito ino ndaigwira nthawi yaitali, madala. Thupi la munthu limaulula pakamwa pasanaulule. Tsono tiuzeni, wogula ali kuti? Konkuno, kapena kutsidya kwa malire?"

Ndinamuuza kuti mafupawo ndi a mkazi wanga. Anapumira m'mwamba, anatseka faelo, anatuluka, ndipo analowa ena awiri. Zimene zinachitika m'chipindacho sizinatenge nthawi yaitali. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

Chimene ndimakumbukira kwambiri n'chakuti mmodzi wa iwo anagunda tebulo, thumba linagwa pansi, ndipo ine ndinakuwa kuti, "Mwamupweteka!" Anaseka onse awiri. Imeneyo ndiyo mfuu yokhayo imene ndinafuula tsiku limenelo.

Lolemba ananditengera kukhoti. Woweruza anati mafupawo apite kwa madokotala akawayeze, ndipo belo sangandipatse chifukwa kumudzi anthu angandiphe. Pamenepa sananame. Madzulo a tsiku lomwelo ndinalowa kundende ngati wa rimandi, woyembekezera mlandu.

Mbiri inali itafika kale ine ndisanafike. Pachipata msilikali wa ndende anawerenga pepala langa, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuti, "Wamafupa uja ndi ameneyu? Iyenso ndi mafupa okhaokha." Dzina langa linathera pomwepo. Masiku onse amene ndinakhalako ndinali Wamafupa.

M'chipinda chathu anthu ankagona chammbali, mothithikana, wina akafuna kutembenuka mpaka mzere wonse utembenuke. Ine ndekha ndinali ndi malo, chifukwa palibe amene ankafuna kuti khungu lake likhudzane ndi langa. Koma malo amenewo sanali a mtendere. Munthu wina wa chipsera pamlomo ankandidutsa pabwalo n'kunong'ona kuti, "Manda a mayi anga ali kufupi ndi kwanu. Ndikadzamva kuti anafukulidwa, sudzatuluka muno." Ankanena zimenezi tsiku lililonse, modekha, ngati moni. Ndinkakhala msana uli kukhoma.

Amene anandipulumutsa ndi nyapala, mkaidi amene amayang'anira anzake m'chipinda. Anali bambo wa imvi, wokhalitsa m'ndendemo. Sabata yachiwiri, Loweruka masana, anandipeza nditakhala ndi mbale ya mgaiwa ndi nandolo osaikhudza. Anakhala pansi pafupi nane, phewa lake n'kukhudza langa, anthu onse akuona.

"Madala, mumayankhula ndi ndani muja mukayang'ana kukhoma?"

"Ndi akazi anga."

"Mumawauza chiyani?"

"Ndimawauza kuti asapite kukhola."

Kenako anati, "Pachifuwa pamalemera?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Pakhosi ngati mwameza mwala? Miyendo ngati si yanu?"

Ndinamuyang'ana, pakuti zimenezi ndinali ndisanauzepo munthu.

"Mayi anga anamwalira ine ndili muno," anatero. "Sindinaponye dothi. Miyezi itatu ndinali ngati inuyo, mpaka tsitsi linkathothoka. Inu si mfiti, madala. Inu muli pa maliro, kungoti maliro anu alibe manda. Idyani. Chisoni chimafuna munthu wamphamvu zochinyamulira."

Miyezi isanu yonse panalibe amene anatchula dzina la matenda anga. Kuchipatala sindinapiteko, akumudzi anati ufiti, wapolisi anati chikumbumtima. Anadzalitchula ndi mkaidi. Ndinadya theka la mbaleyo. Kuyambira tsiku limenelo wa chipsera uja analeka kundinong'oneza, ngakhale maso ake sanaleke.

Koma mantha aakulu sanali a munthu ameneyo. Mayi wina wothandiza akaidi pa za malamulo anabwera n'kundifotokozera mlandu wanga mosabisa. Anati madokotala akapeza kuti mafupawo ndi a munthu, zindivuta, chifukwa kutsimikiza kuti ndi a mkazi wanga n'kovuta, ndipo ndikhoza kukhala m'ndende zaka zambiri. Akapeza kuti ndi a nyama, ndipita kwathu.

"Tiyeni tipemphere kuti akhale a nyama, bambo," anatero mokoma mtima.

Ndikati ndipemphere kuti ndituluke, ndiye kuti ndikupempha kuti mkazi wanga akhale adakali pansi pa mchenga, kwinakwake kumene sindikudziwa. Ndikati ndipemphere kuti akhale iye, ndiye kuti ndikudzitsekera ndekha m'ndende, mwina mpaka imfa. Ndinkaopa mayankho onse awiri. Msilikali akaitana maina a opita kukhoti, mtima unkagunda mpaka m'khutu logontha lija, ndipo dzina langa likapanda kutchulidwa ndinkapuma, kenako n'kuchita manyazi ndi kupumako.

Sabata yachinayi, Lamulungu, anandiitana kuti kwabwera mlendo. Anali alamu anga. Tinayankhulana pa waya, iwo uko ine kuno. Anabweretsa nyemba za kalongonda m'kabakuli. Amene amadziwa kalongonda akudziwa kuti saphika munthu wokwiya nawe, pakuti amatha tsiku lonse pamoto, kutaya madzi n'kuthira ena.

"Alamu, mwatha chonchi?" anatero, atagwira pakamwa.

"Ndilipo. Kumudzi akuti bwanji?"

"Asiyeni akumudzi. Ine ndapita kupolisi kawiri kukanena kuti munthuyu si wamalonda, wangosokonezeka ndi imfa ya mkazi wake. Koma ndikufunseni. Kansalu kaja mukuti n'kake?"

"N'kake."

Anatambasula chitenje chimene anavala m'chiuno. Chinali chomwecho, maluwa omwewo.

"Amayi onse a kumpingo tinagula chimenechi, alamu. Tilipo oposa makumi atatu. Mesa mukudziwa?"

Ndinakwiya. Ndinati, "Ndiye mwabwera kudzandilanda ngakhale kansalu?"

Misozi inatsika m'masaya mwawo koma mawu sanagwedezeke. "Uja ndi mng'ono wanga. Ndinamubereka kumsana ine. Mukuyesa kuti sindimufuna? Koma madzi akatayika saoleka. Wakufayo ndamutaya kale, tsono mukufuna nditayenso wamoyo? Ine ndikupemphera usana ndi usiku kuti mafupa amenewo akhale a mbuzi, ndipo mukwiye, musakwiye, sindileka."

Msilikali anamenya waya ndi ndodo. "Nthawi yatha, mayi." Kalongondayo ndinagawana ndi nyapala. Anali wothira mchere wambiri, monga mmene mkazi wanga ankathirira, poti anaphunzira kwa mayi mmodzi.

Dzina langa linaitanidwa Lachisanu, kumayambiriro kwa Seputembala. Ndinali nditakhala m'manja mwa boma masabata asanu ndi awiri. M'khoti munali anthu ochepa. Woimira boma anaimirira ndi pepala la madokotala n'kuwerenga mothamanga, ngati munthu wofuna kupita ku nkhomaliro. Mafupa onse asanu anali a mbuzi. Boma linalibenso mlandu ndi ine.

Wina kumbuyo anaseka. Wapolisi amene anali pambali panga anandigwira paphewa n'kuti, "Mwapulumuka, madala. Sekani, nanga nkhope imeneyo?" Ine amene ndasenda mbuzi zosawerengeka pa maukwati ndi pa maliro, nthiti ya mbuzi ndimaidziwa. Ndikhulupirira kuti ndinaidziwa tsiku lomwe lija pa mizu ya mtengo. Maso anaona, koma mtima unawatseka pakamwa.

Pa kauntala ya kupolisi anandibwezera nsapato, lamba, ndi thumba. Wa malaya amizeremizere uja analipo. Sanapepese, ndipo sindinayembekezere. Anangoti, "Katundu wanu uyo. Musakakumbenso." Lamba uja anafunika bowo lachitatu.

Alamu anandiperekeza mpaka kumudzi. Tinatsika minibasi pa Migowi n'kuyenda wapansi, iwo patsogolo ine pambuyo, kuti aliyense aone kuti eni mbumba andilandira. Anthu ankasuzumira m'makonde. Palibe anaponya mwala, palibenso anapereka moni. Lata lija linali pomwe ndinalisiya, lili ndi chibonyo cha mwala.

M'mawa mwake ndinapita kwa alamu n'kuwauza kuti adule nthochi ija. Bokosi ndinati ndikhoma ndekha. Ndinatulutsa matabwa amene ndinachirikizira khoma tsiku la madzi, ndinawapala ndi randa, ndipo nditatenga tepi ndinazindikira kuti msinkhu wa mkazi wanga sindinauyezepo. Anthu ena onse ndinkawayeza ndi chingwe ali chigonere. Iye ndinkangodziwa kuti akaima patsogolo panga, mutu wake unkafika pachibwano changa. Choncho ndinaimika thabwa, ndinalikumbatira pachifuwa, n'kuika pensulo pansi pa chibwano kuti ndilembe mzere.

Mzerewo sindinaumalize. Chinthu chinaphulika pakhosi, ndipo ndinalira mokweza, ngati ng'ombe, thabwa lili m'manja. Ndinalira mpaka ndinagwada mu utuchi. Alamu anabwera akuthamanga, anakhala pansi pambali panga, nawonso n'kuyamba. Kenako ndinamva amayi ena akulowa pabwalo akulira, mmodzimmodzi, monga amachitira pa siwa. Pakati pawo panali mayi uja anakuwa tsiku la thumba.

Tinaika maliro Lolemba. Thunthu la nthochi tinalikulunga m'nsalu yoyera, ndipo kansalu ka chitenje kaja ndinakaika pamwamba pake. Kaya kanali kake kaya ka mayi wina, anavalapo chotero, ndipo zimenezo zinandikwanira. Adzukulu amene anakumba manda ndi anyamata omwe aja anaima pansi pa mango. Mafupa a mbuzi ndinawakwirira ndekha pamene panali khola. Itafika nthawi yosudzula mkamwini kuti abwerere kwawo, alamu anati, "Apita kuti? Manda a mkazi wake ali pano."

Anthu amandifunsa mmene ufulu unakomera tsiku lotuluka. Ndimawauza zoona, kuti sunakome. Chipata cha ndende chinatseguka ndi pepala lomwe lija linandilanda mkazi wanga kachiwiri, ndipo sindinathe kukondwera ndi chimodzi popanda kulira chinacho. Amene anandimenya sindinawakhululukire bwinobwino, ndisaname. Koma chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti onse aja, a m'mudzi ndi a ku ofesi, anaona zoona. Manja ankanjenjemeradi, sindinkadyadi, sindinaliredi. Anangowerenga molakwa, ndipo panatsala pang'ono kuti tayala lija ligwire ntchito. Masiku ano ndikaona munthu pa maliro ali duu, maso ouma, anthu akumunong'ona, ndimapita kukakhala pafupi naye mpaka phewa langa likhudze lake.

Chakudya chinayambanso kukoma cha m'ma Novembala. Manja amanjenjemerabe m'mawa, koma ndikagwira randa amakhazikika. Chitseko ndinakhoma, cha mlombwa, felemu yake yowongoka bwino. Munthu akagogoda katatu ndimadzidzimukabe, choncho anansi anazolowera kungoodira ali patali.

Kumtsinje ndimapitabe masiku ena, mtima ukalemera. Ndimakhala pa mtengo unagwa uja n'kumayang'ana mchenga. Khasu ndimalisiya kunyumba.